Sumo: Tsiku Lathunthu m'Bwalo la Kokugikan

Mu Julayi 2021, pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo, anyamata atatu a ku Zambia analowa m'bwalo la nkhonya: Patrick Chinyemba, Everisto Mulenga ndi Stephen Zimba. Amene ankatsatira nkhaniyi kuno ku Kalikiliki ndi ku Mtendere, komwe nkhonya ndi nkhani ya pakhomo chifukwa cha Esther Phiri, akukumbukira kuti Chinyemba anapambana ndewu yake yoyamba, kenako n'kugonja kwa Galal Yafai wa ku Britain, yemwe pambuyo pake anatenga mendulo ya golide. Mipando inali yopanda anthu chifukwa cha Covid-19. Nyumba imene anyamata athuwa ankamenyeramo sinamangidwire nkhonya ayi. Dzina lake ndi Ryogoku Kokugikan, ndipo ndi kwawo kwa sumo, masewera ogwetsana a ku Japan.

Ubale wathu ndi mzinda wa Tokyo ndi wakale. Tsiku limene Zambia inalandira ufulu, pa 24 Okutobala 1964, linalinso tsiku lotsekera ma Olympics oyamba a ku Tokyo. Osewera athu analowa mumpikisanowo dziko lawo likutchedwa Northern Rhodesia, koma potuluka ananyamula dzina la Zambia. Mu 1970 Japan inayamba kutumiza kuno antchito ongodzipereka, ndipo oyamba kufika anali aphunzitsi a judo. Judo inazika mizu, karate nayo inalowa m'maholo a sukulu ndi a tchalitchi. Sumo yokha sinawoloke nyanja. Timangoionera pafoni, anyamata ataunjikana pa kantemba akuseka kuti taonani zimadoda zonenepa zavala matewera zikukankhana.

Kusekako sikundidabwitsa, poti kavidiyo kamangoonetsa kukankhanako basi. Sumo yeniyeni imadya tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo mlendo amene wavutika kufika ku Japan n'kungopita kukaonera ola lomaliza, monga amachitira alendo ambiri, amabwerako ndi theka la nkhani. Mukapita, lawirani.

Kafikidwe kake

Ulendo umayambira ku ofesi ya kazembe wa Japan mumsewu wa Haile Selassie ku Lusaka, komwe amapereka viza. Palibe ndege yonyamuka pa Kenneth Kaunda International Airport n'kukatera ku Japan osaima. Mumasintha ku Addis Ababa, ku Dubai kapena ku Doha, ndipo mukafika nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 7. Chachikulu ndi kusankha mwezi. Mipikisano ikuluikulu, imene eni ake amaitcha basho, imachitika ka 6 pachaka kuyambira mu 1958: Januwale, Meyi ndi Seputembala ku Tokyo, Malichi ku Osaka, Julayi ku Nagoya, Novembala ku Fukuoka. Uliwonse ndi wa masiku 15, kuyamba Lamlungu n'kutha Lamlungu. Matikiti masiku ano amatha msanga, choncho gulani musanakwere ndege.

Ku Tokyo, mukatsika sitima pa siteshoni ya Ryogoku, m'mbali mwa mtsinje wa Sumida, simufunsa njira. Mbendera zazitali zamitundumitundu, zolembedwa mayina a osewera, zili ndandanda kunja kwa holo, ndipo pafupi ndi chipata pali nsanja yaitali pomwe amaimbira ng'oma m'mawa kulengeza kuti lero kuli sumo. Osewerawo, omwe amatchedwa rikishi, mphuno ndiyo imayamba kuwazindikira maso asanawaone, chifukwa tsitsi lawo amalipaka mafuta olimba onunkhira otchedwa bintsuke, n'kulimanga pamwamba pa mutu. Ambiri amabwera pa sitima yomwe mwakwera inuyo, atavala mkanjo wopyapyala ndi nkhwayira zamatabwa zolira gogogo, kamtolo kali m'manja. Amenewo ndi a m'munsi. Akuluakulu amafika masana pa galimoto, koma sayendetsa okha: bungwe lawo, Japan Sumo Association, silola rikishi kugwira chiwongolero.

Holoyo inatsegulidwa mu 1985 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 11,000. Pansi pali timabokosi ta anthu anayianayi, momwe mumavula nsapato n'kukhala pa khushoni mutapinda miyendo. M'mwamba muli mipando wamba, yotsikirapo mtengo, ndipo wamiyendo yaitali asankhe kumeneko.

M'mawa, holo ili pululu

Cha m'ma 9 koloko mumapezamo anthu owerengeka: makolo a anyamata amene akusewera, ndi madoda opuma pantchito amene sajomba. Apa mpamene mungaliyang'anitsitse bwalo lenilenilo, dohyo. Ndi chiunda cha dongo lotsenderedwa mpaka kulimba gwa, chokwera kufika cha m'maondo. Pamwamba pake pali mkombero wa mamita 4.55 m'mimba mwake, ndipo malire ake ndi timitolo ta mapesi a mpunga tokwiriridwa theka m'dongomo. Amaliumba latsopano mpikisano uliwonse, ndi manja, popanda makina. Kutatsala tsiku limodzi amakumba kadzenje pakati, n'kuikamo mpunga, mchere, ndere za m'nyanja ndi zina, n'kuthirapo mowa wa mpunga monga nsembe kwa mizimu ya chipembedzo cha Shinto. Pamwamba palendewera denga longa la kachisi. Nsanamira zake zinayi zinachotsedwa mu 1952 kuti zisamatchinge oonera, ndipo m'malo mwake munapachikidwa mphonje zinayi: yobiriwira, yofiira, yoyera ndi yakuda.

Malamulo ake ngakhale mwana angawamve. Wotuluka kunja kwa mkombero wagonja. Wokhudza pansi ndi chiwalo chilichonse kupatula kuphazi, kaya ndi chala kaya ndi nsonga ya tsitsi, wagonja. Chibakera, kukoka tsitsi, kutosa m'maso, kukanyanga pakhosi ndi kumenya theche pamimba n'zoletsedwa. Mbama n'zololedwa, kutchera mwendo n'kololedwa, ndipo kugwira lamba wa mnzako ndiye mutu wa masewerawo. Lamba ameneyu, mawashi, ndi nsalu yochindikala yaitali mamita angapo, yopindidwa n'kuzengerezedwa m'chiuno kangapo. Ndi yemwe uja timamunena thewera, koma amene wafikitsa dzanja lake lamphamvu pamenepo ndiye kuti wagwira chiuno cha mnzake, ndipo chiuno chikagwidwa thupi lonse limatsatira. Njira zovomerezeka zopambanira zilipo 82, ngakhale zofala ndi ziwiri: kumugwira lamba mnzako n'kumutulutsa chifuwa ndi chifuwa, kapena kumukankha ndi zikhato mpaka adutse malire. Kuno kulibe magulu a kulemera monga ku nkhonya. Wa makilogalamu 100 akhoza kukumana ndi wa 200. Wolemera kuposa onse m'mbiri, Orora wa ku Russia, anafika makilogalamu 292, koma sanakwereko n'komwe m'magawo a malipiro, umboni woti thupi palokha siligwetsa munthu.

Amene akusewera m'mawawu ndi anyamata a zaka 15 kapena 16, ongotuluka kumene sukulu, tsitsi lisanatalike loti n'kumangidwa, ena nthiti zikuwerengeka. Pakati pawo palinso madoda a zaka za m'ma 30 amene akhala m'magawo apansi moyo wawo wonse wa sumo. Awiri akwera, aweramirana, agundana, wina wagwa, aweramirananso, atsika, ena awiri akwera. Samwaza mchere ndipo sadikira. Woyimbira masewero, gyoji, nayenso ndi kamnyamata kopanda nsapato, chovala chake cholekeza m'maondo. Woitana mayina, yobidashi, amatambasula chokupizira choyera n'kuimba mayina awiriwo ndi mawu okoka, ngakhale omumvera ali ochepa chotero. Aliyense amene mukumuona m'bwalomo, mpaka womanga tsitsi amene ali kuseri, ali pa makwerero akeake, ndipo akuyambira pansi.

Rikishi onse alipo pafupifupi 600, m'magawo 6 kuchokera pansi: jonokuchi, jonidan, sandanme, makushita, juryo ndi makuuchi. Awiri apamwamba okha ndiwo ali pamalipiro, ndipo malo ake ndi owerengeka, 28 mu juryo ndi 42 mu makuuchi. Anthu 70 amenewa amatchedwa sekitori. Mu 2025 wa mu juryo ankalandira mayeni 1.1 miliyoni pamwezi, ndipo yokozuna, amene ali pamwamba pa onse, ankalandira 3 miliyoni. Otsala onse, oposa 500, alibe malipiro. Amapatsidwa chakudya, pogona ndi kandalama kochepa pa mpikisano uliwonse.

Onse amakhala m'nyumba zophunzitsira zotchedwa heya, zomwe zilipo zoposa 40, zambiri mwa izo ku Tokyo ndi m'madera ozungulira. Mwini heya ndi rikishi wopuma, oyakata, ndipo mkazi wake amakhala mayi wa anyamata onse. Heya zina zimalola alendo kukaonera maphunziro am'mawa ngati mwapempha mwaulemu kudzera mwa wodziwa Chijapani. Mumakhala pansi phee, osadya, osalozetsa mapazi ku bwalo. Aang'ono amadzuka mbandakucha n'kuyamba m'mimba mulibe kanthu: kukweza mwendo umodzi m'mwamba n'kuuponda pansi kambirimbiri, zomwe amati shiko, kumenya mzati wamtengo ndi zikhato, kukhala pansi n'kutangadza miyendo mpaka chifuwa chigunde dothi. Munthu wa makilogalamu 150 akachita zimenezi pamaso panu, nkhani ya kunenepa chabe imathera pomwepo. Akuluakulu amabwera dzuwa litakwera. Maphunziro akatha, wamkulu ndiye amayamba kusamba, wamng'ono akumutsuka kumsana. Wamkulu ndiye amayamba kudya, wamng'ono ataima kumbuyo kudikira kuti amuwonjezere mpunga. Chakudya chake ndi chanko, mphika waukulu wa msuzi wa nyama kapena nsomba, masamba ndi tofu, wotsagana ndi mbale zingapo za mpunga, kenako tulo ta masana. Thupi lija limachokera pamenepa. Pa nthawi ya mpikisano ambiri amakonda nkhuku, poti nkhuku imaima ndi miyendo iwiri, pomwe ng'ombe ndi nkhumba zimagwira pansi ndi inayi, omwe ndi maimidwe a wogonja. Wophika ndi wamng'ono yemwe uja, ndipo amadya pomalizira.

Munthu wokulira ku Kalikiliki sachedwa kuzimva zimenezi. Tikudziwa kudzuka kusanache kupita kukasesa, kukaphika ndi kukachapa kuseri kwa mipanda ya ku Ibex Hill ndi ku Kabulonga, madzulo n'kubwerera kukagona m'chipinda cha anthu ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mpanda wa sumo uli ndi chipata, ndipo chimatseguka miyezi iwiri iliyonse potengera chinthu chimodzi: wapambana kangati, wagonja kangati. Sekitori amasewera masiku onse 15. Akapambana 8 amakwera, akapanda kutero amatsika. A m'munsi amasewera ka 7 ndipo amafunika kupambana 4. Malume ako kaya ndi ndani, pamenepa sathandiza. Wa mu makushita akalowa mu juryo amapatsidwa chipinda chake, lamba wa silika ndi mnyamata womunyamulira katundu. Akavulala bondo n'kujomba mipikisano amatsika, malipiro amaima, ndipo amabwerera kukakhala ndi aja ankamutumikira. Terunofuji wa ku Mongolia anafika pa udindo wa ozeki, wachiwiri kwa yokozuna, koma maondo ndi matenda a shuga zinamugwetsa mpaka mu jonidan, moti mu Malichi 2019 ankasewera m'mawa pamodzi ndi ana aja. Anakweranso gawo ndi gawo, napambana basho ya Julayi 2020, ndipo mu 2021 anakhala yokozuna. Ndi chilungamo chouma, chopanda chisoni kwa wovulala, koma ine ndimachilemekeza chifukwa chimawerengera aliyense mofanana.

Masana ndi madzulo

Ikamakwana 2 koloko holo imayamba kudzaza. Anthu a m'timabokosi amamasula zakudya ndi mowa, ndipo paliponse pamamveka fungo la nkhuku yowotcha pa timitengo, imene imakonzedwa m'chipinda cha pansi pa holo yomweyo. A juryo amalowa, ndipo itatsala pang'ono 4 koloko a makuuchi amabwera pamzere atavala maepuloni olemera a silika opetedwa ndi ulusi wonyezimira, mphatso zochokera kwa owathandiza. Amazungulira bwalo, amaomba m'manja kamodzi, amakweza mikono, amatsika. Kenako amabwera yokozuna payekha, m'chiuno atamanga chingwe choyera chopota chimene chimatha kulemera makilogalamu 20, anzake awiri akumuperekeza, mmodzi atanyamula lupanga. Akaponda shiko holo yonse imafuula pamodzi. Pofika mu 2025, m'mbiri yonse anthu 75 okha ndiwo anali atakhalapo yokozuna: wa 74 ndi Hoshoryu wa ku Mongolia, amene anakwezedwa mu Januwale 2025, ndipo wa 75 ndi Onosato wa ku Japan, mu Meyi chaka chomwecho. Yokozuna satsitsidwa udindo. Mphamvu zikatha amayenera kusiya yekha.

Miyamboyi ili ndi kumene inachokera. Buku lakale la mbiri ya Japan, Nihon Shoki, la mu 720, limasimba za kulimbana kwa Nomi no Sukune ndi Taima no Kehaya pamaso pa mfumu. Kwa zaka mazana sumo inkachitika ku nyumba ya mfumu ndi m'makachisi popempha zokolola. Sumo yolipiritsa pakhomo inakula mu nyengo ya Edo, pomwe inkachitika posonkhetsa ndalama zomangira makachisi, ndipo mu 1684 inaloledwa pa kachisi wa Tomioka Hachiman. Holo yoyamba ya Kokugikan inamangidwa mu 1909 pa kachisi wa Ekoin, pafupi ndi pamene pali ya lero.

Tsopano pafika pamene mlendo wosazolowera amayamba kuyang'ana wotchi. Awiri aitanidwa, akwera, aweramirana. Aliyense apita pangodya yake, aponda shiko, atsuka mkamwa ndi madzi. Madziwo amapatsidwa ndi rikishi amene wangopambana kumene kapena amene sanasewere. Wogonja sapereka, kuopa kupatsira mnzake tsoka. Atapa mchere n'kuumwaza m'bwalo poliyeretsa. Anyonyomala, aomba m'manja, atambasula mikono zikhato zili poyera kusonyeza kuti alibe chida. Abwera pakati, awerama, ayang'anana m'maso, ndiye mukuti ayamba, koma adzuka n'kubwerera kukatapanso mchere. Kachiwiri, kachitatu. Mchere wa makilogalamu pafupifupi 45 umatha patsiku. Kale kudikiraku kunalibe malire, mpaka mu 1928 pamene wailesi inayamba kuulutsa sumo. Lero a makuuchi amapatsidwa mphindi 4.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphindi zinayizo yang'anani khungu la pamsana likufiira, mpweya ukusintha, wina akudzimenya mbama kumaso, wina ali duu ngati palibe chikuchitika. Aliyense akuwerenga mnzake: kodi abwera ndi mutu, abwera ndi mbama, kapena alumphira pambali kuti ndigwe chafufumimba? Oonera amadziwa nthawi ikakwana, ndipo phokoso limakwera lokha. Palibe wezulo, palibe belu. Awiriwo ayenera kugunditsa zibakera zawo pansi n'kudzuka nthawi imodzi mogwirizana okha. Wina akafulumira, gyoji amawabweza. Ndimaona kuti apa mpamene pagona mtima wa sumo: anthu awiri ofuna kugwetsana ayenera kuyamba agwirizana. Akadzuka, mitu ndi zifuwa zimagundana kuti khuu, mpaka wa mpando wam'mwamba kwenikweni amamva. Kawirikawiri pakatha masekondi ochepa nkhani yatha. Kulimbana kofika mphindi yathunthu kumatengedwa kuti n'kwakutali.

Chotsatira chake chimadabwitsa ife ozolowera mpira. Wopambana sadumpha, sathamanga, sadziguguda pachifuwa. Nthawi zambiri amatambasula dzanja kumudzutsa amene wamugwetsa. Onse abwerera pamalo pawo, aweramirana, wogonja atsika, wopambana anyonyomala kuti gyoji amulozere ndi chokupizira chake chamtengo. Ngati makampani anaikapo mphoto, mbendera zawo zimakhala zitazungulira bwalo masewero asanayambe, iliyonse ya mayeni 70,000, ndipo wopambana amalandira maenvulopu pomwepo, atayamba wadula mpweya katatu ndi dzanja pothokoza mizimu. Mukangoyang'ana nkhope zokha simungadziwe amene wapambana.

Gyoji wa madzulo si kamnyamata kaja. Wavala silika ndi masokosi oyera, ndipo awiri apamwamba, amene nthawi zonse amatenga mayina a Kimura Shonosuke ndi Shikimori Inosuke, amapisa kampeni m'lamba, chizindikiro chakale choti ali okonzeka kulipira ndi moyo akalakwitsa chiweruzo. Lero palibe amachita zimenezo, koma lamulo loti aloze wopambana ngakhale onse agwere pamodzi likadalipo. Oweruza asanu ovala zakuda akhala mozungulira, ndipo mmodzi akakweza dzanja onse amakwera kukakambirana. Sumo inayamba kugwiritsa ntchito vidiyo poweruza mu 1969, zaka zambiri mpira usanaganizeko. Chinachititsa ndi chakuti mu Malichi chaka chimenecho yokozuna Taiho, atapambana ka 45 motsatizana, anaweruzidwa kuti wagonja kwa Toda, koma zithunzi zinaonetsa kuti phazi la Toda ndilo linayamba kutuluka. Ulemu wonsewu umasweka pa chinthu chimodzi: wa udindo wamba akagwetsa yokozuna, makhushoni aja amauluka kuchokera m'timabokosi kupita ku bwalo, ngakhale kuti oyang'anira holo amaletsa.

Alendo m'bwalo, ndi zipsera zake

Masewera amene Ajapani amawaona ngati a fuko lawo akhala m'manja mwa obwera kwa nthawi yaitali. Takamiyama wa ku Hawaii anali mlendo woyamba kupambana basho, mu Julayi 1972. Akebono, wa ku Hawaii komweko, anakhala yokozuna woyamba wobadwira kunja mu 1993. Kenako anabwera a ku Mongolia, kumene ana amakula akugwetsana m'madambo: Asashoryu anapambana ka 25, ndipo Hakuho ka 45, kuposa wina aliyense m'mbiri. Kuyambira mu 2002 heya iliyonse imaloledwa mlendo mmodzi yekha. Mlendoyo amayamba pansi ngati wina aliyense, amasesa, amaphunzira Chijapani, amalandira dzina latsopano.

Wa ku Africa woyamba anali Abdelrahman Shalan wa ku Egypt, amene anapatsidwa dzina la Osunaarashi. Anayamba mu Malichi 2012, ndipo pofika Novembala 2013 anali kale mu makuuchi. Ndi Msilamu, ndipo basho ya ku Nagoya inkagwera m'mwezi wa Ramadan pa zaka zimenezo, moti ankasewera akusala kudya. Mu Julayi 2014, mkati mwa Ramadan, anagwetsa ma yokozuna awiri, Kakuryu ndi Harumafuji. Kuvulala kunamubweza m'mbuyo, ndipo mu 2018 anauzidwa kuti asiye atachita ngozi akuyendetsa galimoto popanda laisensi.

Mlendo asabwereko ataledzera ndi mchere ndi silika yekha, chifukwa nyumba yotseka zitseko imabisanso nkhanza. Mu 2007 mnyamata wa zaka 17 wa heya ya Tokitsukaze anamwalira atamenyedwa ndi anzake molamulidwa ndi mwini heya, amene pambuyo pake anamangidwa. Mu 2011 mauthenga a pafoni anaulula kuti rikishi ena ankagulitsana masewero, makamaka aja a mu juryo oopa kugwera kunsi kwa mzere wa malipiro. Basho ya Malichi inalephereka ndipo anthu oposa 20 anachotsedwa. Mu 2017 yokozuna Harumafuji anasiya sumo atavulaza mnzake wamng'ono pamalo omwera mowa. Zonsezi zimamera pa muzu womwe uja wa wamng'ono wosayankha wamkulu.

Palinso nkhani ya akazi. Mwambo sulola mkazi kuponda pa dohyo. Mu Epulo 2018, mumzinda wa Maizuru, meya anakomoka akulankhula ali m'bwalomo. Amayi odziwa zachipatala anathamanga kukamuthandiza, koma pa chimkuzamawu panamveka mawu owauza kuti atsike. Mkulu wa bungwe, Hakkaku, anapepesa, koma mwambowo sunasinthe. Fusae Ota, amene anali bwanamkubwa wa Osaka kuyambira mu 2000, sanaloledwe kukwera kukapereka mphoto yake yomwe. Ife amene tinaona wankhonya Catherine Phiri akubwera ndi lamba wa WBC kuchokera ku Mexico mu 2016 sitingavomereze kuti phazi la mkazi limadetsa bwalo. Akazi amasewera sumo m'mipikisano ya osalipidwa, ku Japan ndi kunja, koma ku Kokugikan pa nthawi ya basho amathera pa mpando wa oonera.

Masewero omaliza amatha itatsala pang'ono 6 koloko, kuti wailesi ya kanema ya NHK ipeze nthawi ya nkhani. Kuno ku Lusaka imakhala ili 11 koloko m'mawa. Rikishi mmodzi wa m'munsi amakwera n'kuzunguza uta wautali mwaluso, ng'oma ya pa nsanja ija imaliranso, anthu n'kumatuluka. Pa tsiku la 15 wopambana kambiri mu makuuchi amalandira chikho cha mfumu ya Japan, chasiliva, cholemera pafupifupi makilogalamu 30. Lachitatu lotsatira akuluakulu amakhala pansi kukonza mndandanda watsopano, banzuke, umene gyoji amaulemba pamanja: mayina a pamwamba ndi zilembo zonenepa, ndipo kumatsika zilembo zikuwonda mpaka a jonokuchi, amene mayina awo amavuta kuwerenga ndi maso okha. Pepala losindikizidwa la mndandandawu limagulitsidwa motchipa paholopo.

Ambiri mwa mayina ang'onoang'onowo sadzafika pa zilembo zonenepa. Sekitori wotchuka akamasiya amachitiridwa mwambo pa dohyo, anthu mazana akubwera mmodzimmodzi kudula tsitsi lake pang'onopang'ono mpaka oyakata amalize. Wa m'munsi amametedwa pa kaphwando ka heya yake, n'kutuluka ali ndi zaka 25 kapena 30, maondo owonongeka, mwina ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso sukulu imene anaisiya ali ndi zaka 15. Ngakhale akuluakulu thupi limawalipiritsa: Akebono anamwalira mu Epulo 2024 ndi matenda a mtima ali ndi zaka 54. Ena mwa osiyawo amakagwira ntchito yosamalira okalamba, kumene mphamvu zonyamula munthu ndi kuleza mtima zimafunika. Ena amagwiritsa ntchito luso limene heya inawaphunzitsadi, lophika. Malesitilanti angapo a chanko ozungulira siteshoni ya Ryogoku ndi a rikishi opuma kapena mabanja awo, ndipo ophika ambiri mmenemo anayambira pa mphika wa heya. Mukatuluka m'holo ndi njala, ndalama yanu ya chakudya chamadzulo ikathere kumeneko.